Ndalama za boma zophunzitsira AI m'sukulu: kodi ku South Korea chinalakwika n'chiyani?

Mayi wa m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse amene mumathandiza pa zokambirana za maphunziro. Kwa kanthawi ndakhala ndikutsatira nkhani za mayiko amene akupatula ndalama zambiri kuti ana asukulu aziphunzira za nzeru zamakina zochita kupanga, zimene ambiri tikungozitchula kuti AI, ndipo zimene zinachitika ku South Korea zandisiya ndi mafunso ofuna anthu odziwa za chuma cha boma komanso za m'kalasi.

Monga ndinamvera, m'mwezi wa Marichi 2025 boma la dzikolo linalowetsa m'sukulu mabuku a pakompyuta oyendera AI pa maphunziro a masamu, Chingerezi ndi kompyuta, kuyambira ndi ana a giredi 3 ndi 4 komanso a chaka choyamba m'magawo awiri a sekondale. Mabukuwa ankayenera kuona pamene mwana aliyense akulakwitsa ndi kumupatsa ntchito yolingana ndi kamvedwe kake. Koma pofika Ogasiti chaka chomwecho, aphungu a nyumba ya malamulo anawachotsa m'gulu la mabuku ovomerezeka, n'kuwasiya ngati zipangizo zongothandizira zimene sukulu ikhoza kugwiritsa ntchito kapena kuzisiya. Apa n'kuti boma litawononga kale mawoni (ndalama ya dzikolo) oposa 1.2 thiriliyoni, omwe ndi madola a ku America pafupifupi 850 miliyoni.

Chimene chikundiimitsa mutu n'chakuti South Korea si dziko losowa. Magetsi alipo, intaneti ndi yothamanga, aphunzitsi ndi osulidwa bwino, ndipo ana akumeneko amakhala m'gulu la otsogola pa mayeso oyerekeza mayiko. Ngati ntchitoyi inagwa pa miyezi yochepa chotere m'dziko ngati limenelo, kodi cholakwika chinali AI yeniyeniyo kapena kagawidwe ka ndalama? Ndiponso boma likalengeza kuti lapereka ndalama zophunzitsira AI m'sukulu, kodi ndalamazo ziyenera kugula chiyani poyamba: makina, mapulogalamu a makampani, kapena luso la mphunzitsi? Ndikufunsa chifukwa nkhaniyi sichedwa kufika mu bajeti ya kwathu kuno ku Malawi, ndipo ife a m'makomiti asukulu nthawi zambiri timauzidwa zinthu katundu atatsitsidwa kale m'galimoto.

Wowerengera ndalama wopuma pantchito anayankha kuti:

Mayi, ndiyankha mbali ya ndalama yokha, ndipo ndiyamba ndi kumene ndalamazo zinachokera, chifukwa m'pamene panagona vuto lalikulu.

Ku South Korea sukulu za pulayimale ndi sekondale zimayang'aniridwa ndi maofesi a zamaphunziro a m'zigawo, amene mu 2025 analipo 17, ndipo lamulo limati 20.79 peresenti ya misonkho yotoleredwa m'dzikomo izipita ku maofesi amenewa chaka ndi chaka. Pa thumba limeneli, kagawo ka 3 peresenti kamakhala m'manja mwa unduna wa zamaphunziro kuti uzipereka pa ntchito zapadera. Kumapeto kwa 2023 aphungu anakweza kagawoka kufika pa 3.8 peresenti kwa zaka zitatu zokha, kuyambira 2024 mpaka 2026, kuti ndalama zowonjezerazo zithandize maphunziro a pakompyuta, kuphatikizapo kusula aphunzitsi. Choncho thumba lonse silinakule ayi; unduna unangotapa pa ndalama zimene zigawo zikanagwiritsa ntchito mwa kufuna kwawo. Chachikulu kuposa apo n'chakuti ndalamazo zinali ndi tsiku lothera, pamene chinthu chimene zinakalowetsa m'kalasi chinali choti chizilipiridwa mpaka kalekale.

Buku la pepala boma likagula lagula, ndipo likhoza kudutsa m'manja mwa ana angapo lisanang'ambike. Buku loyendera AI siligulidwa chotero. Kampani imalipiritsa pa mwana aliyense ndi pa phunziro lililonse, nthawi ikatha mumalipiranso, chifukwa pulogalamuyo imakhala pa makompyuta a kampaniyo ndipo imafika kwa mwana kudzera pa intaneti. Kusiyana kwake kuli ngati kumanga nyumba ndi kukhala m'nyumba ya lendi. Akuluakulu a maofesi a m'zigawo anayamba kufunsa msanga kuti lendiyo adzailipira ndani m'zaka zam'tsogolo, makamaka mabukuwo akadzafalikira m'makalasi ena ndi m'maphunziro ena monga unduna unkafunira.

Apa m'pamene mkangano wa m'nyumba ya malamulo ukumvekera. M'dzikomo buku lovomerezeka sukulu imakakamizidwa kuligwiritsa ntchito, ndipo boma limakakamizidwa kulilipira. Chipangizo chongothandizira chilibe chitetezo chimenechi: sukulu imasankha yokha, komiti ya sukulu iyenera kuvomereza, ndipo palibe amene amalonjeza ndalama. Aphungu atasamutsa mabukuwo kuchoka m'gulu loyamba kupita m'gulu lachiwiri, kwenikweni anachotsa chitsimikizo cha malipiro. N'chifukwa chake makampani osindikiza mabuku, amene anali ataikapo ndalama zawo pafupifupi mawoni 800 biliyoni, analira kwambiri.

Liwiro nalonso linawononga zinthu. Nduna ya zamaphunziro ya panthawiyo, a Lee Ju-ho, inalengeza ndondomekoyi mu 2023, koma mabuku 76 amene anapambana kawuniwuni wa unduna anavomerezedwa kumapeto kwa Novembala 2024, kutatsala miyezi itatu yokha kuti sukulu zitsegulire m'Marichi. Aphunzitsi ambiri anaphunzitsidwa pogwiritsa ntchito zitsanzo chabe, mabuku enieniwo asanatuluke. Makolo oposa 50,000 anali atasayina kale chikalata chopita ku nyumba ya malamulo chodandaula kuti ana amathera nthawi yambiri akuyang'ana pa foni ndi pa kompyuta, ndipo sukulu isawonjezerepo. Mu Disembala 2024 aphungu anavomereza lamulo lotsitsa mabukuwo, koma a Choi Sang-mok, amene ankagwirizira mpando wa mtsogoleri wa dziko, analibweza mu Januwale 2025, ndipo unduna unalola kuti chaka choyamba sukulu zizisankha zokha. Sukulu pafupifupi imodzi mwa zitatu zilizonse ndi imene inatenga mabukuwo, ndipo kusiyana kwa zigawo kunali kwakukulu: ku Daegu pafupifupi sukulu zonse zinatenga, pamene m'zigawo zina zinali zowerengeka.

Ndale zinamaliza nkhani. Ndondomekoyi inkadziwika ngati ya Pulezidenti Yoon Suk Yeol, amene analengeza ulamuliro wa asilikali pa 3 Disembala 2024 ndipo khoti linamuchotsa pampando pa 4 Epulo 2025. A Lee Jae-myung atapambana chisankho cha m'Juni, chipani chawo, chimene chinali ndi aphungu ambiri ndipo chinkatsutsa mabukuwo kuyambira kale, chinadutsitsa lamulolo pa 4 Ogasiti popanda wolibweza. M'chigawo chachiwiri cha chaka cha sukulu, sukulu zogwiritsa ntchito mabukuwo zinatsika kufika pa 19 mwa 100 zilizonse.

Maganizo anga ndi akuti zimenezi sizikutiuza zambiri za ubwino kapena kuipa kwa AI, chifukwa mabukuwo sanakhale m'kalasi nthawi yokwanira kuti munthu ayeze ngati ana anapindula. Chimene chinaoneka poyera n'chakuti boma linatenga ngongole ya zaka zosawerengeka ndi ndalama za zaka zitatu, n'kuimangirira pa dzina la mtsogoleri mmodzi.

Mphunzitsi wa kompyuta pa sukulu ya sekondale yoyendera anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi zambiri zimene bambo afotokozazi, koma ndikuona kuti tikusakaniza zinthu ziwiri zosiyana, ndipo andale amakonda kuzisakaniza dala. Kugula makina oti aziphunzitsa ana masamu ndi chinthu china, kuphunzitsa ana momwe makinawo amagwirira ntchito ndi chinanso. Mabuku amene anagwa ku South Korea anali a mtundu woyamba. Funso la mayi, ngati ndalimva bwino, likukhudza kwambiri mtundu wachiwiri.

Chodabwitsa n'chakuti South Korea yomweyo inachita ntchito yachiwiriyi mwakachetechete, ndipo palibe phungu amene anaigwetsa. Mu 2021 sukulu za sekondale zapamwamba zinalandira maphunziro awiri osankha, lina la chiyambi cha AI ndi lina la masamu a AI. Silabasi imene inakonzedwanso mu 2022 inachulukitsa kawiri maola a phunziro la kompyuta, kuchoka pa 17 kufika pa 34 ku pulayimale, ndi kuchoka pa 34 kufika pa 68 m'gawo loyamba la sekondale. Zimenezi sizinatchuke m'nyuzipepala zakunja chifukwa panalibe katundu woti nduna ijambulitse naye, koma ndi zimene zatsala.

Ku China nakonso boma linalemba m'ndondomeko yake ya AI ya 2017 kuti m'sukulu za pulayimale ndi sekondale muyambe maphunzirowa, komabe mu Febuluwale 2024 unduna unatchula sukulu 184 zokha kuti zikhale zitsanzo, m'dziko la anthu oposa 1.4 biliyoni. Mzinda wa Beijing unalamula kuti kuyambira Sepitembala 2025 mwana aliyense aziphunzira AI kwa maola osachepera 8 pa chaka. Maola 8 pa chaka ndi ochepa kwambiri, ndipo sindikukhulupirira kuti Beijing inasowa ndalama zogulira makompyuta. Chimene chimasowa kulikonse ndi malo pa tebulo la mapiriyodi komanso munthu wodziwa zoti akaphunzitse.

England ndi umboni wabwino wa mfundo yachiwiriyi. Mu 2014 anaika phunziro la kompyuta, kuphatikizapo kulemba mapulogalamu, m'silabasi ya ana kuyambira a zaka zisanu, koma ambiri mwa aphunzitsi amene anapatsidwa ntchitoyi anali asanaphunzirepo zimenezo. Patapita zaka zinayi, mu 2018, boma linatulutsa mapaundi 84 miliyoni n'kukhazikitsa National Centre for Computing Education, yomwe ntchito yake yaikulu inali kusula aphunzitsi omwewo. Ndalama zimenezi zikanatsogola, ana amene anali pasukulu m'zaka zinayi zimenezo sakanaphunzitsidwa ndi anthu ongowerenga buku usiku n'kukalibwereza m'mawa.

Mwina ena akudabwa kuti phunziro la AI limakhala ndi chiyani. Mutu wake ndi wakuti makinawa sauzidwa malamulo onse ndi munthu, koma amapatsidwa zitsanzo zambirimbiri n'kupeza okha zimene zimafanana, ndipo akafunsidwa amapereka yankho limene likuoneka kuti lingakhale lolondola koposa ena. Ana a Fomu 2 akhoza kumvetsa zimenezi popanda magetsi. Mphunzitsi akhoza kugawira gulu limodzi zithunzi za masamba a chimanga, ena ogwidwa ndi mbozi za ntchemberezandonda ndi ena abwinobwino, n'kuliuza kuti lilembe zizindikiro zosiyanitsira. Kenako gulu lina liyese zizindikirozo pa zithunzi zatsopano n'kuwerenga kuti zalondola kangati. Ngati zithunzi zonse za masamba odwala zinajambulidwa pamthunzi, anawo adzapeza kuti zizindikiro zawo zikutcha tsamba lililonse lapamthunzi kuti ndi lodwala, ndipo pamenepo amvetsa chifukwa chake makina amalakwitsa komanso amakondera. Mwana amene wachita zimenezi sangameze yankho lililonse la pulogalamu ya AI ya ChatGPT ngati loona. Sindikunena kuti makompyuta ndi osafunika, chifukwa wofuna kulemba pulogalamu ayenera kuigwira kompyuta, ndipo ophunzira a Computer Studies amene akukonzekera mayeso a MSCE amavutika ndithu akamagawana kompyuta imodzi anthu ambiri. Koma phunziro la masamba a chimanga lija limafuna mphunzitsi womvetsa mwayi wa zochitika ndi kawerengedwe ka ziwerengero, ndipo munthu wotere sagulidwa pa tenda.

Wolemba mapulogalamu a kompyuta wokhala ku Johannesburg anayankha kuti:

Akuluakulu, ndili ndi mantha kuti nkhani ya South Korea itipatsa chifukwa chokhalira manja lende, ndipo pamenepa ndikusiyana nanu pang'ono. Ana akugwiritsa kale ntchito zipangizozi pa mafoni, sukulu ifune isafune. Amene makolo awo ali ndi ndalama adzaphunzira kuzigwiritsa ntchito bwino m'sukulu zolipira za m'tauni, ndipo boma likati lidikire kaye, odikirawo ndi ana a sukulu za boma okha. Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.

Pali dziko lina limene linalowetsa ndalama za boma pa ntchito yomweyi m'chaka chomwecho mwa njira ina. Mu Febuluwale 2025 Pulezidenti Alar Karis wa ku Estonia analengeza ndondomeko ya TI-Hüpe, yoti kuyambira Sepitembala ophunzira pafupifupi 20,000 a giredi 10 ndi 11 pamodzi ndi aphunzitsi pafupifupi 3,000 alowe m'ntchito yophunzira kugwiritsa ntchito AI. Iwo sanayambe ndi ana aang'ono, anayamba ndi achinyamata amene ankagwiritsa kale ntchito zipangizozi polemba homuweki. Sanachotse buku lililonse, anayamba ndi kuphunzitsa aphunzitsi, ndipo ndalama zake anagawana boma ndi makampani. Dzikoli linachitaponso zofanana ndi zimenezi mu 1996, litangochoka kumene mu Soviet Union lili losauka, pamene linayambitsa ndondomeko ya Tiigrihüpe yolowetsa makompyuta ndi intaneti m'sukulu zonse. Panthawiyo panalibe amene akanalitcha dziko lolemera, koma linasankha kusadikira.

Chinthu china chimene sitinachitchule ndi chilankhulo. Zipangizo zambiri za AI zimayankha bwino m'Chingerezi kusiyana ndi m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, chifukwa zinaphunzira kuchokera pa zolembedwa za pa intaneti, pomwe zilankhulo zathu ndi zochepa. Palibe kampani yakunja imene idzathamangire kukonza zimenezi ngati ilibe phindu pamenepo. Ntchitoyi idzagwiridwa ndi ana athu omwe, ndipo anawo ayenera kuchokera m'masekondale atalawako kale maphunzirowa. Malawi University of Science and Technology ku Thyolo inatsegula malo ophunzirira ndi kufufuza za AI mu 2023, koma yunivesite imalandira zimene sekondale yatumiza.

Mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya pulayimale anayankha kuti:

Achimwene a ku Johannesburg, mfundo yanu ya ana a sukulu za boma ndaimva ndipo ndi yoona, koma chitsanzo cha Estonia chisatitenge mtima. Dziko lonselo lili ndi anthu pafupifupi 1.3 miliyoni, pamene kuno ana a pulayimale okha ndi oposa 5 miliyoni. Aphunzitsi 3,000 mukhoza kuwasonkhanitsa m'maholo angapo pa tchuthi chimodzi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti kuno nyumba pafupifupi 11 zokha mwa 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo ngakhale zinthu zasinthako, sukulu zambiri zakumudzi sizingadalire pulogalamu yofuna intaneti tsiku lonse.

Lendi imene bambo owerengera ndalama atchula ndi yoopsa kwambiri kwa ife kusiyana ndi ku South Korea. Kumeneko boma linkalipira makampani a m'dziko momwemo ndi ndalama za dziko lomwelo. Ife tingamalipire makampani akunja ndi madola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutanthauza kuti mgwirizano umene unduna ukanasayina chaka cha 2021 ukanakwera mtengo kawiri popanda mwana ngakhale mmodzi wowonjezereka. Pamene ndalama zakunja zikusowa mpaka mafuta a galimoto ndi mankhwala kuvuta, sindikuona kuti malipiro a pulogalamu ya kusukulu angaikidwe patsogolo pamzere.

Tisaiwalenso kuti kugawa makina kunayesedwa kale kwina. Peru inagula malaputopu oposa 800,000 a ndondomeko ya One Laptop per Child, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa mu 2012 sanapeze kusintha pa kakhozedwe ka ana pa masamu ndi chilankhulo. Komabe sindikufuna kumveka ngati wodana ndi makina, chifukwa kwathu konkuno tili ndi ndondomeko ya BEFIT, imene inayamba mu 2023 m'sukulu 500 ndipo cholinga chake ndi kufika m'sukulu zonse za pulayimale za boma. Ana a Sitandade 1 mpaka 4 amaphunzira kuwerenga ndi masamu pa matabuleti otchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa, maphunzirowo ali m'Chichewa, ndipo mwana safunika intaneti kuti aphunzire. Ndondomekoyi isanakule inayesedwa kwa zaka zingapo m'sukulu zochepa, ofufuza akuyerekeza ana ogwiritsa ntchito matabuleti ndi osagwiritsa. Imeneyi si ntchito yophunzitsa AI, ndipo tisaitchule choncho pofuna kukometsa malipoti, koma kayendetsedwe kake kali ndi chimene South Korea inadumpha, ndicho kuyesa kaye pang'ono musanawononge zambiri.

Ife amene tinalipo mu 1994 timakumbukira mmene maphunziro aulere a pulayimale anayambira. Ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo boma linalemba aphunzitsi masauzande ambiri osasulidwa, amene anaphunzitsidwa kwa milungu yochepa n'kupatsidwa choko. Cholinga chinali chabwino ndithu, koma zipsera za kuthamanga kumeneko zinakhala m'makalasi kwa zaka zambiri. Mwana amene afika Sitandade 4 asanadziwe kuwerenga chiganizo sangafunse makina funso lolembedwa, ndipo sangazindikire kuti yankho ndi labodza. Bungwe la UNESCO nalo linalangiza mu 2023 kuti ana osakwana zaka 13 asamagwiritse ntchito paokha zipangizo za AI zolemba nkhani ndi kuyankha mafunso. Choncho ngati ndalama za AI zilipo, ine ndingati zipite ku sekondale ndi ku makoleji osula aphunzitsi, ndipo za kupulayimale zisakhudzidwe.

Mayi wa m'komiti ya makolo ndi aphunzitsi analembanso kuti:

Zikomo kwambiri nonse. Ndaona kuti ngakhale mukusiyana pa liwiro, palibe amene wanena kuti boma liyambe ndi kugula mapulogalamu a kampani a ana onse. Ndikufuna ndifunse bambo owerengera ndalama chinthu chimodzi chokha. Tsiku limene nduna idzalengeze kuti yapatula ndalama za AI m'sukulu, kodi munthu wamba ngati ine angadziwe bwanji ngati zili zenizeni kapena ndi mawu a pamsonkhano chabe?

Wowerengera ndalama wopuma pantchito anayankhanso kuti:

Mayi, choyamba fufuzani ngati chilengezocho chili ndi mzere wake mu bajeti imene aphungu avomereza. Ngakhale mayiko olemera amalengeza zinthu popanda ndalama zatsopano. Pa 23 Epulo 2025 Pulezidenti Donald Trump anasayina lamulo lolimbikitsa maphunziro a AI kwa achinyamata a ku America, limene linakhazikitsa komiti yapadera ndi mpikisano wa ophunzira, koma pa nkhani ya ndalama linauza nthambi za boma kuti zigwiritse ntchito zimene zinalipo kale komanso kufuna thandizo la makampani, chifukwa mphamvu yopereka ndalama zatsopano ili ndi nyumba ya malamulo. Zikatero ndiye kuti ntchito ina yalandidwa, ndipo ndi bwino kufunsa kuti ndi iti.

Mukaupeza mzerewo, onani mbali imene wakhala. Bajeti yathu ili ndi ndalama zachitukuko, zimene gawo lalikulu limachokera kwa mayiko ndi mabungwe otithandiza, komanso ndalama zoyendetsera ntchito za tsiku ndi tsiku, momwe muli malipiro a aphunzitsi ndi zokonzera zinthu zikawonongeka. Otithandiza amakonda kulipira zogulidwa kamodzi monga makompyuta ndi masola. Mabatire akatha mphamvu patapita zaka zingapo, kapena mphunzitsi wosulidwa uja akasamutsidwa, zimenezo zimagwera mbali yachiwiri. Ngati ndalama zonse za AI zili ku chitukuko ndipo mbali yachiwiriyo ilibe kanthu, dziwani kuti chipinda cha makompyutacho chidzasanduka mosungiramo madesiki othyoka. Ntchito ya MACRA yomanga zipinda za makompyuta m'sukulu iyeneranso kufunsidwa funso lomweli, osati chifukwa choikayikira koma chifukwa womanga si amene adzalipire magetsi.

Pomaliza pemphani kuti mgwirizano ndi kampani iliyonse ukhale poyera, makamaka ndime yonena za mtengo m'zaka zotsatira, ya momwe boma lingatulukire, ndi ya kumene mbiri ya mwana aliyense idzasungidwe. Tili ndi lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024, ndipo ana asukulu sali kunja kwa lamulolo.

Mphunzitsi wa kompyuta pa sukulu ya sekondale yoyendera anawonjezera kuti:

Pa mndandanda wa bambowa ndiwonjezerepo mtengo umodzi umene suoneka mu bajeti iliyonse. South Korea itachulukitsa maola a kompyuta, maolawo anayenera kupezeka penapake pa sabata ya mwana, chifukwa tsiku la sukulu silitalika ndi chilengezo. Kwathu kuno mapiriyodi a sekondale ndi odzaza kale, ndipo phunziro limene sililembedwa pa mayeso a MANEB aphunzitsi ndi ophunzira omwe amaliika pambali akafika Fomu 4. Njira imene ndikuiona yotheka ndi kulowetsa mitu ya AI mu Computer Studies ndi m'masamu, n'kuifunsa pa mayeso, m'malo moyambitsa phunziro latsopano lofuna aphunzitsi akeake m'sukulu zoyendera zimene zikusowa kale aphunzitsi a sayansi. Kuti zimenezi zichitike, ndalama zoyamba zingapite kwa olemba silabasi ku Malawi Institute of Education ku Domasi, kwa okonza mayeso, ndi kwa aphunzitsi a m'makoleji a Domasi ndi Nalikule, chifukwa iwowo ndi amene ayenera kuyamba kumvetsa nkhaniyi asanatumize aliyense m'kalasi. Achimwene a ku Johannesburg mwina anena kuti njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo n'zoona kuti mphunzitsi wolowa koleji chaka chino satuluka chaka chamawa. Koma aphunzitsi a masamu ndi kompyuta amene ali kale pantchito akhoza kuyamba kusulidwa pa tchuthi chikubwerachi, ngati ndalama zoyendera ndi zogonera zitaikidwa m'bajeti imene imayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo.